BP ya wodwala septic shock ikakana kukwera: tiwonjezere madiripi kapena tiyambe adrenaline?

Clinical officer wa wodi ya abambo

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi nkhani ya septic shock, kutsika kwambiri kwa BP chifukwa cha tizilombo timene tafalikira m'thupi, imene yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira sabata yatha. Ndimagwira ntchito pachipatala china chaching'ono kunja kwa mzinda wa Lilongwe, kumene tilibe ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) kapena makina opumitsa wodwala, ndipo usiku ndimakhala ndekha ndi anamwino awiri.

Lachiwiri cha m'ma 8 koloko usiku anabwera ndi bambo wina wa zaka za m'ma 40, wolemera makilogalamu 52, amene anali ndi kachilombo ka HIV koma anasiya kumwa ma ARV chaka chatha. Akazi awo anafotokoza kuti kwa milungu itatu bambowa ankatsokomola, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, ndipo tsikulo anayamba kubwebweta. Powapima tinapeza kuti thupi latentha kufika 39.2, mtima ukugunda ka 128 pa mphindi, akupuma ka 30, okosijeni ali pa 93, ndipo BP inali 78/42. Malungo sanapezeke, shuga anali bwino. Tinawabaya mankhwala opha mabakiteriya a ceftriaxone magalamu 2 nthawi yomweyo n'kuwaika madiripi a Ringer's mikono yonse iwiri. Lita yoyamba itatha BP inafika 84/46, ndipo ine poona kuti yasunthako ndinapachika yachiwiri, kenako yachitatu, chifukwa chimene chinakhazikika m'mutu mwanga kuyambira kusukulu n'chakuti BP ikatsika timatsegula diripi. Pofika 1 koloko BP inali pompaja, koma kupuma kunali kutaipiratu, m'mapapo mukumveka madzi mbali zonse, ndipo okosijeni anatsika kufika 84 ngakhale anali pa concentrator, makina opereka okosijeni. M'thumba la mkodzo munali timadzi tosakwana theka la kapu. Ambulansi inali itanyamuka ndi mayi wina wapakati, ndipo pamene inkabwera m'bandakucha, bambo aja anali atatisiya.

Noradrenaline, mankhwala okweza BP pomanga mitsempha, sitikhala naye. Adrenaline, amene nayenso amakweza BP, analipo m'bokosi la zangozi, koma ndinaopa kumugwiritsa ntchito chifukwa tilibe pampu yolowetsa mankhwala m'mtsempha pamuyezo wake, ndipo ndinamvapo kuti mankhwala otere akadutsa pa kanyula wapamkono amawoletsa mkono. Tsono ndikufunsa kuti madzi okwanira kwa wodwala wotere ndi ochuluka bwanji, adrenaline ayenera kuyambidwa nthawi yanji pamalo ngati athuwa, ndipo BP imene tiyenera kuifuna ndi iti, poti 120/80 sitingaifike ngakhale titathira chidebe chonse.

Wogonetsa odwala ku fiyeta

Pepani achimwene, imfa yotere imakhala m'mutu nthawi yaitali, ndipo mwachita bwino kuiyala poyera. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndilo limasula enawo.

Nambala imene timaitsatira si yapamwamba ija ayi, koma MAP, imene imasonyeza mphamvu yapakati yokankhira magazi ku impso, ubongo ndi matumbo. Timaipeza pophatikiza nambala yapamwamba ndi yapansi yowirikizidwa kawiri, kenako n'kugawa ndi 3. Wodwala wanu anafika ndi MAP ya 54, ndipo lita yoyamba itatha inali pafupifupi 59. Malangizo a Surviving Sepsis Campaign a chaka cha 2021 amati tiyambe ndi kufuna 65, kutanthauza kuti BP ya 95/50 yatikwanira kale, ndipo palibe chifukwa chothamangitsira 120/80.

Taonaninso nambala yapansi ija, 42 pamene mtima ukugunda ka 128. Imeneyo inkakuuzani kuti mitsempha yaphwasuka. Pa septic shock, thupi polimbana ndi tizilombo limatulutsa zinthu zimene zimafewetsa makoma a mitsempha, moti imatanuka n'kusiya kugwira magazi mwamphamvu, komanso timitsempha ting'onoting'ono timayamba kuchucha. Madzi amene mwathira amakhalamo kanthawi kochepa, kenako ambiri amathawira m'minofu ndi m'mapapo. Kuthira madzi pamenepo kuli ngati kudzaza mtsuko wong'aluka: wotunga amatopa, koma mtsukowo sudzaza, ndipo pansi ponse pamasanduka matope. Chimene chimafunika ndi mankhwala oti amangenso mitsemphayo.

Malangizo omwewo amatchula mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse m'maola atatu oyamba, ndipo mu 2021 olembawo anavomereza kuti umboni wa nambalayi ndi wofooka. Kwa bambo a makilogalamu 52 ndiye kuti lita imodzi ndi theka basi, pamene inu munafika pa malita atatu. Sindikunena izi pofuna kukudzudzulani, chifukwa nanenso ndinazichitapo kangapo. Chimene chinanditsegula maso ndi kafukufuku wa ku Lusaka, pa University Teaching Hospital, amene anasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya JAMA. Odwala oposa 200 a sepsis (kudwala kwambiri chifukwa cha tizilombo tofalikira m'thupi) ndi BP yotsika, ambiri a iwo ali ndi HIV monga athuwa, anagawidwa pawiri: ena anapatsidwa madzi ochuluka mofulumira motsatira ndondomeko, ena anasamalidwa mwa nthawi zonse. Pagulu la madzi ochuluka anamwalira 48 pa 100 alionse, pamene pagulu linalo anamwalira 33. Amene kupuma kwawo kunkaipa anachulukirapo pagulu la madzi ochuluka, ndipo makina owapumitsa anali osowa. Ku ana zinali zitaoneka kale mu 2011 pa kafukufuku wa FEAST ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, kumene mwa ana oposa 3,000 otentha thupi, amene anathiridwa madzi mwachangu anamwalira ambiri kuposa amene sanathiridwe. Malangizo aja analembedwa makamaka kuchokera m'zipatala zimene wodwala akadzaza madzi m'mapapo amangomulowetsa paipi n'kumuika pa makina, pamene ife tikamudzaza tamumiza.

Mmene ndimachitira ine masiku ano ndi motere. Ndimapereka mamililita 250 mpaka 500 kwa mphindi 15 kapena 30, kenako ndimabwerera pabedi kukamvetsera m'mapapo, kuwerenga kapumidwe ndi kuyezanso BP ndisanapachike botolo lina. Ngati ndikukayika, ndimagoneka wodwala chagada n'kukweza miyendo yake yonse m'mwamba kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa magazi ochokera m'miyendo amakhala ngati diripi yobwereka imene ungaibweze. BP ikakwera, mtima ukufunabe madzi, koma ikapanda kusuntha, botolo lina silithandiza, ngakhale kuti makina athu apamkono sayeza izi molondola kwenikweni. Madzi akayandikira muyezo uja MAP isanafike 65, kapena m'mapapo mukangoyamba kumveka madzi, ndimayamba mankhwala osadikiranso.

Noradrenaline ndiye woyamba kusankhidwa kumene alipo. Dopamine, mankhwala enanso okweza BP, tinamusiya kumbuyo kuchokera pamene kafukufuku wa SOAP II mu 2010 anasonyeza kuti amasokoneza kagundidwe ka mtima pafupifupi kawiri kuposa noradrenaline. Kumene noradrenaline kulibe, adrenaline ndi wovomerezeka, ndipo ali m'chipatala chilichonse. Za kanyula wapamkono, malangizo a 2021 amanena kuti ndi bwino kuyamba mankhwalawa pa mtsempha wapamkono kusiyana ndi kuchedwa podikira central line (kapaipi kolowetsedwa mu mtsempha waukulu wa pakhosi kapena pachifuwa), malinga akhale kwa nthawi yochepa ndipo mtsemphawo ukhale waukulu, wa pachigongono kapena chakumtunda kwake, osati wa kuseri kwa dzanja.

Chinsinsi chake n'kusungunula kwambiri. Mukathira maampulo awiri a miligalamu imodzi imodzi m'botolo la saline la mamililita 500, mililita iliyonse imakhala ndi mamaikrogalamu 4. Kuyambira pa 0.05 pa kilogalamu pa mphindi, munthu wa makilogalamu 52 amafuna mamaikrogalamu 2.6 pa mphindi, omwe ndi madontho 13 pa mphindi pa giving set (paipi ya diripi) wamba wa madontho 20 pa mililita. Mumawonjezera pang'onopang'ono pakatha mphindi 5 kapena 10 mpaka MAP ifike 65. Koma ndikupempheni kuti masamuwa mukhale nawo pansi masana ndi dokotala amene amakuyang'anirani, mugwirizane kasungunulidwe kamodzi ka chipatala chonse, mulembe papepala n'kumata pakhoma, chifukwa 1 koloko ya usiku si nthawi yowerengera masamu koyamba.

Namwino wa ku HDU (wodi ya odwala ofunika kuyang'aniridwa kwambiri)

A clinical officer, zimene afotokoza bambo akufiyetawa ndi zoona, koma ndikufuna ndiwonjezere mbali yathu, chifukwa amene amalemba adrenaline pafayilo amachoka, ndipo amene amatsala ndi botololo ndi namwino.

Diripi yoyenda yokha popanda pampu ilibe chilungamo. Wodwala akapinda mkono imaima, akautambasula imathamanga, ndipo botolo mukalikweza pang'ono pamtengo wake madontho amasintha. Ndinaonapo mayi wina amene BP yake inalumpha kuchoka pa 90 kufika pafupifupi 200 m'mphindi zochepa, mtima ukugunda ngati ng'oma, chifukwa gadiyani wake, mtsikana wachikondi ndithu, anaona kuti diripi ya amayi ake ikudontha pang'onopang'ono kusiyana ndi ya bedi loyandikana, ndiye anatsegula kagudumu kaja kuti awathandize. Kuyambira tsiku limenelo ndimamata pulasitala pakagudumuko, ndimalemba dzina la mankhwala pabotolo ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ndimakhala pansi ndi gadiyani kumufotokozera kuti botolo ili ndi losiyana ndi ena onse, asalikhudze ngakhale litaoneka ngati laima, koma andiitane. Akamvetsa, magadiyani omwewo amasanduka maso athu, ndipo amabwera akuthamanga mkono ukangoyamba kutupa.

Ngati muli ndi burette ya ana, kabotolo koyezera madzi kamene kamakhala pa paipi ya diripi, gwiritsani ntchito imeneyo. Madontho ake ndi 60 pa mililita, choncho madontho a pa mphindi amafanana ndi mamililita a pa ola, ndipo mukaikamo mankhwala a ola limodzi lokha, ngakhale itathamanga mwangozi sangalowe onse a m'botolo. Kanyula wa adrenaline akhale wake yekha. Musabayiremo ceftriaxone kapena kutsukamo ndi jakisoni wa madzi, chifukwa mankhwala amene ali m'paipi amalowa onse nthawi imodzi. Mkonowo timaumangirira pakathabwa, timausiya poonekera osaufunditsa chitenje, ndipo timauyang'ana ola lililonse. Pakayera, pakazizira kapena pakatupa, timatseka pomwepo, n'kukoka ndi jakisoni mankhwala amene angatuluke tisanazule kanyulayo, kenako timasamukira ku mkono wina. BP timaiyezera ku mkono umene kulibe mankhwalawa, poyamba mphindi 5 zilizonse, ikakhazikika mphindi 15. Onetsetsaninso kukula kwa lamba woyezera, popeza odwala athu ambiri ndi owonda, ndipo lamba wamkulu pa kamkono kakang'ono amaonetsa BP yotsika kuposa yeniyeni.

Chimene ine ndimachikhulupirira kuposa makina ndi thumba la mkodzo. Timafuna theka la mililita pa kilogalamu pa ola, ndiye kwa wodwala wanu uja mamililita 26 pa ola akanatisangalatsa. Ndimakhuthula thumba poyamba, ndimalemba nthawi, ndipo ola likakwana ndimayeza ndi jakisoni wamkulu, osati ndi maso. Ndimagwiranso maondo kuti ndimve ngati akuzizira, chifukwa mawanga amene mabuku amawajambula pakhungu la azungu saoneka bwino pakhungu lathu.

Ndinenenso mosabisa kuti ngati wodi ili ndi odwala 40 ndipo anamwino ndi awiri, mmodzi ayenera kumasulidwa kuti akhale ndi wodwala ameneyu, ndipo bedi lake libwere pafupi ndi tebulo la anamwino. Zikakanika zimenezo, adrenaline woyenda popanda womuyang'anira ndi ngozi ina yowonjezera pa imene ilipo kale.

Dokotala wa matenda a akuluakulu

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma ndili ndi nkhawa kuti achinyamata amene akuwerenga angachoke ndi maganizo oti madzi ndi poizoni. Kafukufuku wa ku Lusaka sananene kuti tisapereke madzi, popeza ngakhale gulu limene linachita bwino lija linalandira pafupifupi malita awiri m'maola 6 oyamba. Ndaona odwala akubwera kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono ali ouma ngati chikuni, atatsekula m'mimba masiku anayi, atapatsidwa kabotolo kamodzi chifukwa wina anamva kuti madzi amapha. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Wodwala kolera amene mtsempha wake sukumveka amafuna mamililita 100 pa kilogalamu m'maola atatu, ndipo adrenaline alibe naye ntchito, chifukwa iye madzi atayikadi kunja. N'chimodzimodzi ndi mayi amene akutaya magazi atabereka, amene amafuna magazi ndi kutseka potulukira. Choncho funso loyamba pabedi likhale lakuti BP yatsika chifukwa chiyani, ndipo mbiri ya kusanza, kutsekula, kutaya magazi ndi masiku amene wodwala sanamwe kanthu ndiyo imatiuza kuchuluka kwa madzi.

Pa nambala ya 65, ndiwonjezere kuti si mwala. Kafukufuku wa SEPSISPAM ku France mu 2014 anayerekeza MAP ya 65 mpaka 70 ndi ya 80 mpaka 85 pa odwala 776, ndipo imfa sizinasiyane, kungoti pagulu la BP yokwera amene mtima unasokonekera kagundidwe anachulukirapo. Okhawo amene anali ndi BP yokwera kuyambira kale ndiwo anapindulako, chifukwa ocheperapo mwa iwo anafunika dialysis, makina osefa magazi impso zikalephera. Kenako mu 2020 ku United Kingdom anayesa kulola MAP ya 60 mpaka 65 kwa odwala a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo sanamwalire ambiri kuposa enawo. Kwa ine tanthauzo lake n'lakuti agogo amene akhala akumwa mankhwala a BP zaka 15, ngati pa 65 sakukodza ndipo akadali osokonezeka, ndimakweza pang'ono n'kuona ngati zisintha. Koma mnyamata wowonda amene ali pa 62, akulankhula zomveka, manja ndi ofunda ndipo mkodzo ukutuluka, sindimamuwonjezera mankhwala pofuna kukongoletsa tchati. Kumene kulibe makina oyezera lactate, asidi amene amakwera m'magazi pamene magaziwo sakufika bwino m'minofu, musadandaule kwambiri. Finyani nsonga ya chala kwa masekondi 10, mukasiya magazi abwerere pasanathe masekondi 3, ndipo bwerezani mphindi 30 zilizonse. Kafukufuku wa ANDROMEDA-SHOCK wa 2019 ku South America anasonyeza kuti odwala otsatiridwa ndi chala sanachite moipa kuposa otsatiridwa ndi lactate. Ndiponso adrenaline payekha amakweza lactate, moti ngakhale amene ali ndi makinawo akhoza kusokera.

Chimene chandikhudza kwambiri pa nkhani yanu, achimwene, ndi milungu itatu ya chifuwa ndi thukuta la usiku mwa munthu amene anasiya ma ARV. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti mwa akuluakulu ogonekedwa ndi sepsis, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi TB, nthawi zambiri yofalikira thupi lonse, ndipo ceftriaxone saigwira. Mkodzo wochepa umene unali m'thumba uja unali wokwanira kuyezera LAM, njira yoyezera TB mu mkodzo, imene imatuluka pasanathe theka la ola. TB imathanso kuwononga tiziwalo ta adrenal ta pamwamba pa impso, ndipo wodwala wotere BP yake simva madzi ngakhale adrenaline mpaka atalandira hydrocortisone, mamiligalamu 50 maola 6 alionse. Malangizo a 2021 amalola hydrocortisone yemweyu kwa wodwala septic shock amene akufunabe mankhwala ochuluka okwezera BP patapita maola angapo. Sindikunena kuti bambo aja akanachira, chifukwa ambiri otere amafika mochedwa kwambiri. Koma adrenaline amangotigulira maola, ndipo maolawo ndi oti tipeze gwero, kaya ndi TB, mafinya m'mimba, chiberekero chowola kapena matumbo obooka ndi typhoid amene akufuna mpeni.

Clinical officer wa wodi ya abambo

Zikomo kwambiri akuluakulu. LAM tili nayo, koma imakhala ku chipinda cha ma ARV chimene chimatsekedwa madzulo, ndipo ndakambirana kale ndi otiyang'anira kuti zoyezera zingapo zizikhala ku wodi. Burette ziwiri ndazipeza ku wodi ya ana. Chimene chatsala n'chakuti, wodwala akakhala pa adrenaline ndipo tikufuna kumutumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kodi diripiyo tiitseke ponyamuka? Msewu wathu ndi wafumbi kwa makilomita angapo tisanafike patala, ndipo ndikuopa kuti madontho sangawerengeke galimoto ikamadumpha.

Wogonetsa odwala ku fiyeta

Musaitseke, achimwene. Adrenaline amatha mphamvu m'thupi pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu, choncho mukatseka pageti, BP idzakhala itagwa musanafike patala, ndipo ngakhale wodwala akamachira mankhwalawa timawachepetsa pang'onopang'ono, osati kuwadula kamodzi. Musanyamuke BP ikadali yosakhazikika. Dikirani mpaka madontho akhale osasintha kwa theka la ola ndipo MAP ili pa 65 kapena kuposerapo, ndipo imbani foni ku Kamuzu Central musananyamuke kuti adziwe kuti mukubwera ndi wodwala amene ali pa adrenaline, chifukwa bedi loyenera wodwala wotere silipezeka pongofika.

M'ambulansi mukhale namwino kapena inuyo pambali pa wodwala, osati kutsogolo ndi dalaivala. Mu burette muikemo mankhwala a ulendowo okha, ndipo botolo losungunula kale likhale pomwepo ngati mungachedwe panjira. Makanyula akhale awiri ndipo onse ayesedwe musanakwere, silinda ya okosijeni muione kuti ikwana ulendo wonse, ndipo burette muimangirire kuti isamagwedezeke. Pamsewu wafumbipo uzani dalaivala ayende pang'onopang'ono, ndipo mukafika patala aime kwa mphindi imodzi kuti muwerengenso madontho ndi kuyeza BP. Pakalata yotumizira mulembe kasungunulidwe, madontho a pa mphindi, nthawi imene munayamba, madzi onse amene alowa, mkodzo umene watuluka, nthawi ya ceftriaxone ndi zotsatira za LAM, kuti amene akulandira asayambirenso kuthira malita ena atatu.